Mukaperekeza mnzanu kuchipatala ku Joni

Kwathu wodwala sagona yekha m'chipatala. Ku Queens, ku Kamuzu Central, ngakhale pachipatala cha mishoni kumudzi, pambali pa bedi pamakhala gadiyani wophika phala, wochapa nsalu, wothamangira anamwino usiku zinthu zikavuta. Kuno ku Joni zambiri mwa ntchito zimenezo amagwira ndi achipatala, koma woperekeza ali ndi ina yolemera kuposa pamenepo. Wodwala akakhala kuti Chingerezi ndi Chizulu amangotola apa ndi apo, mawu ake onse amadzera mwa inu, ndipo a dokotala amamufikanso kudzera mwa inu. Dziko la South Africa lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, kuphatikizapo cha manja chimene anawonjezera mu 2023, koma Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka palibepo. Wa ku Nkhata Bay akati ndine Mtonga, mwina amuitanira munthu wolankhula Xitsonga, awiriwo n'kumangoyang'anana.

Ku Bedfordview Amalawi tilimo ambiri, m'magadeni, m'makhitchini a mabwana, m'malesitilanti a ku Eastgate ndi Bedford Centre. Ena amagona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana awo, ena amalawirira kuchokera ku Malvern, Primrose ndi Germiston. Munthu akadwala amayambira pakiliniki ya khonsolo ya Ekurhuleni, ndipo zikakula amamutumiza kuchipatala chachikulu cha boma monga Edenvale kapena Bertha Gxowa ku Germiston. Life Bedford Gardens ili pafupi, koma ndi ya olipira m'thumba kapena okhala ndi medical aid. Kulikonse kumene mungalowere, kumbukirani kuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Thupi ndi lake, chosankha ndi chake. Yanu ntchito ndi kuthandiza kuti iye ndi achipatala amvane, osati kulankhula m'malo mwake.

Musanatuluke pageti

Yambani ndi funso limene ambiri amalumpha: "Kodi mukufunadi kuti ndikuperekezeni ineyo, kapena pali wina amene mungamasuke naye?" M'chipinda cha namwino amafunsa za kumwezi, za amene mumagona naye, za mowa, za mimba zimene zinapita padera. Mayi sanganene zimenezi kudzera mwa alamu ake aamuna, ndipo bambo sangazinene kudzera mwa mkamwini. Ngati kungatheke, mkazi aperekezedwe ndi mkazi mnzake, mwamuna ndi mwamuna mnzake. Mwana wasukulu, Chingerezi chake chingathwe bwanji, musamupatse ntchito imeneyi. Si bwino kuti mwana wa zaka 11 akhale woyamba kumva kuti amayi ake ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, n'kumasakasaka mawu oti awauzire.

Palinso a madamu achifundo amene amanyamula wantchito pagalimoto n'kulowa naye mpaka kwa dokotala. Galimotoyo landirani ndi manja awiri, koma pakhomo la chipindacho apempheni mwaulemu kuti adikire panja. Munthu sanena zonse pamaso pa amene amamulipira.

Kenako khalani pansi kwa kanthawi, wodwalayo afotokoze yekha: zinayamba liti, pakupweteka ndi pati, chimakulitsa ululu n'chiyani, wamwapo chiyani. Lembani papepala kapena pafoni. Ikani m'jumbo mankhwala onse amene akumwa, m'mapaketi mwake momwemo: a ku famase, Grand-Pa wa pa spaza, otsala a mnzake, ndi achikuda omwe, kaya ndi mizu yochokera kumudzi kaya botolo logula pa renki ya matakisi. Namwino sangakumangitseni chifukwa cha mizu. Iye akufuna kudziwa zimene chiwindi ndi impso zakhala zikulimbana nazo. Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse chimene muli nacho, khadi la kukiliniki, ndi buku la kuchipatala la kwathu lija ngati munabwera nalo. Mwana mutengereni buku lake la sikelo, limene kuno amati Road to Health.

Musanayike pansi cholembera, funsani: "Pa zonsezi, chimene chikukudetsani nkhawa kwambiri ndi chiti?" Kawirikawiri yankho lake silikhala mutu kapena msana umene wakhala akutchula.

Pamzere

Kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi satsata amene wafika msanga, amatsata amene wadwalika. Amagawa odwala ndi mitundu: wofiira amathandizidwa pompopompo, kenako wa olenji, kenako wachikasu, ndipo wobiriwira ndiye amakhalitsa pabenchi. Choncho zizindikiro zoopsa muuzeni namwino woyamba amene akupima BP, osazisungira dokotala: kupweteka pachifuwa, kubanika, kutaya magazi, kukomoka, kufooka mbali imodzi ya thupi, mwana wokana kuyamwa, mayi woyembekezera amene mutu ukumuwawa kwambiri ndipo akuona mwachimbuuzi.

Ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko lino, a mu 1996, imati munthu aliyense asakanizidwe thandizo ladzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linakasuma, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira thandizo laulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera kapena mapepala awo. Zimenezi zidziweni, koma kuzinena mokalipa pawindo sikufulumizitsa fayilo. Perekani moni kaye. "Sawubona, sista" amatsegula nkhope ya munthu amene waima chiimire kuyambira m'mamawa.

Polowa m'chipinda

Dzidziwitseni mwachidule: ndinu ndani kwa wodwalayo, iye amalankhula chilankhulo chanji, ndipo wavomera kuti mumumasulire. Apa lamulo likukuikirani kumbuyo. National Health Act ya mu 2003, pa ndime 6, imati wachipatala afotokozere wodwala za matenda ake, njira zothandizira zimene zilipo, ubwino ndi kuopsa kwake, mtengo wake, ndiponso ufulu wake wokana, ndipo ngati n'kotheka achite zimenezi m'chilankhulo chimene wodwalayo amamva.

Khalani pambali pa wodwala, chakumbuyo pang'ono, kuti iye ndi namwino aziyang'anana. Mukakhala kutsogolo, namwino amayamba kucheza ndi inu, mwini matenda n'kungokhala duu. Ngati namwino akudabwa kuti wodwala akungoyang'ana pansi, muuzeni kuti ndi ulemu wakwathu, si kubisa kanthu.

Funso loyamba likaperekedwa, mulekeni wodwala alankhule mpaka amalize. Mu 1984 ofufuza awiri a ku America, Howard Beckman ndi Richard Frankel, anajambula macheza 74 a madokotala ndi odwala, napeza kuti dokotala amadula wodwala pakamwa patangopita masekondi ngati 18. M'kuona kwanga, operekeza amadula msanga kuposa apo, chifukwa nkhaniyo anaimva kale kunyumba ndipo akufuna kuidula chidule kuti asatayitse nthawi adokotala.

Kumasulira kwenikweniko

Pemphani onse awiri kuti azinena mawu ochepa n'kuima, inu mumasulire, kenako apitirize. Nenani zonse, mmene zanenedwera, osawonjezera maganizo anu. Ngati muli ndi chanu chofuna kunena, monga kuti usiku munamumva akutsokomola mpaka kucha, nenani poyera kuti tsopano ndikulankhula ineyo, ndipo wodwalanso mumuuze zimene mwanenazo.

Mu 2003 Dr Glenn Flores ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa macheza 13 pakiliniki ya ana ku America, kumene makolo amalankhula Chisipanishi. Anawerenga zolakwika 396 pa kumasulira, pafupifupi 31 pa macheza alionse. Zoposa theka sizinali kunama kapena kuphonya mawu, koma kusiya osanena, ndipo zolakwitsa za omasulira ongopemphedwa pomwepo zinali ndi chiopsezo chachikulu kuposa za omasulira olembedwa ntchito ndi chipatala.

Zimene timasiya ndi zamanyazi ndi zimene tikuziona ngati nkhani chabe. Tiyerekeze bambo akuti: "Chibwerereni kumaliro ku Mangochi thupi langa silili bwino, ndikumva kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'thupi." Womasulira n'kuuza namwino za mutu ndi kuzizidwa, za maliro n'kuzisiya poganiza kuti sizikukhudza chipatala. Pamenepo wataya mfundo yaikulu kuposa zonse. Gauteng si dera la malungo, choncho namwino akaona zizindikiro zimenezi amayamba waganiza za chimfine. Ngati wodwala wachokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zimbabwe masabata apitawa, nenani, mubwerezenso, ndipo pemphani kuti amuyeze malungo. Munthu amene wakhalitsa ku Joni chitetezo chimene anakula nacho chimachepa, ndipo malungo akamugwira amamugwetsa msanga kuposa abale ake akumudzi.

Mayina a matenda a kwathu musawamasulire mothamanga. Wodwala akati mtima ukumuwawa, mwina ndi chilungulira, mwina ndi nkhawa ya katapila, mwina ndi mtima weniweniwo. Kusiyanitsa si ntchito yanu. Uzani namwino kuti mawu amene wanenawo amatanthauza zingapo, ndiye mupempheni wodwala aloze ndi chala pamene pakupweteka, afotokoze ngati pakubaya, pakutentha kapena pakulemera. N'chimodzimodzi akati mphepo, msana kapena kumusi. Akatchula kuti anamulodza kuntchito, kapena kuti ndi tsempho, musaseke ndipo musabise. Dokotala wodziwa ntchito yake amafuna kumva chimene wodwala akukhulupirira, chifukwa munthu wotsimikiza kuti analodzedwa ndi amene amasiyira mapilitsi panjira.

Inunso mawu a dokotala akakupitirirani, nenani kuti simunamve. Safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo sakhala inu.

Uthenga ukakhala wolemera

Mu 2000 Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anafalitsa ndondomeko yotchedwa SPIKES, yothandiza madokotala a khansa pouza wodwala nkhani yowawa. Imati konza malo achinsinsi, funsa zimene wodwala akudziwa kale, funsa kuti akufuna kumva zochuluka bwanji, muuze pang'onopang'ono m'mawu osavuta, landira misozi yake, kenako kambiranani chochita. Mukaona dokotala akuyenda motere, yendani naye limodzi. Musamutsogolere, ndiponso musafewetse. Akati khansa, inu musati kachotupa. Akati impso zasiya kugwira bwino ntchito, musati magazi angochepa.

Kwathu timabisira wodwala poopa kuti ataya mtima, ndipo n'chikondi chimene chimatichititsa. Koma munthu wobisiridwa sangasankhe kubwerera kumudzi akadali ndi mphamvu zokwera basi, sangakonze za ana ake, sangavomere opaleshoni akudziwa chimene akuvomera. Ngati achibale akuumirira kuti asauzidwe, kambani ndi dokotala, kuti iye afunse mwini wakeyo ngati akufuna kumva zonse kapena akufuna auzidwe wina m'malo mwake. Fomu ya opaleshoni asasaine musanamuwerengere ndi kumumasulira. Ndime 7 ya National Health Act ija imafuna kuti avomere atamvetsa.

Pakagwa chete, musathamangire kudzazapo. "Limbani mtima" ndi "zonse ndi Mulungu" ali ndi nthawi yake, koma si mphindi yoyamba. Mupatseni madzi, mudikire.

Poyezetsa HIV mufunseni ngati akufuna kuti mutuluke, ndipo akati tulukani musakhumudwe. Mukatsala, zotsatira zinenedwe mosazungulira: "akupezani ndi kachilombo" kapena "sanakupezeni nako".

Musanadzuke pampando

Mukafunsa Mmalawi kuti "mwamva?" adzati "eya", ngakhale sanamve kalikonse, poopa kuoneka wovuta. Funsani mwina: "Tikakafika kunyumba achemwali akakufunsani, mukawauza kuti adokotala ati chiyani?" Kapena muikireni mapaketi m'manja: "Tandionetsani, m'mawa mukamwa ati, angati?" Akaphonya, vuto si iyeyo, ndi kafotokozedwe, pemphani namwino abwereze. Lembani papaketi m'Chichewa, ndipo kwa wosawerenga jambulani dzuwa ndi mwezi.

Pali zina zimene zimasiyitsa anthu mankhwala chifukwa choti sanauzidwe. Mankhwala a TB amamwa miyezi yosachepera 6, ngakhale chifuwa chitasiya pa mwezi woyamba, ndipo rifampicin amene ali mmenemo amafiiritsa mkodzo. Si magazi ayi. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapilitsi olera ndi njira ya pamkono, komanso amachititsa kuti womwa ma ARV okhala ndi dolutegravir awonjezeredwe mlingo, choncho namwino adziwe zonse zimene munthu akumwa. Metformin wa shuga amamwa ndi chakudya. Mapilitsi a BP sasiya chifukwa mutu waleka. Msilamu wodwala shuga afunse za kamwedwe mwezi wa Ramadan usanayambe.

Funsani tsiku lobwereranso, ndi zizindikiro zimene zikaoneka asadikire tsikulo. Musaiwale kalata ya kuntchito. Lamulo la ntchito kuno limalola abwana kufuna kalata ya dokotala munthu akajomba masiku oposa awiri otsatizana, koma dzina la matenda sililembedwa mmenemo popanda chilolezo cha wodwala.

Uphungu wa masiku otsatira

Mu takisi musakambe za matenda. Wokhala kumbuyo kwanu mwina ndi wa ku Zomba. Dikirani mufike pamalo poti muli awiri, ndipo yambani ndi kufunsa, osati kulangiza: "Zimene tamva lerozi mukuziona bwanji?" Akayankha, bwezani mwachidule zimene wanena kuti aone kuti mwamva: "Ndiye chikukuopsani kwambiri si mankhwalawo, koma kuti alamu akamva adzati chiyani." Kawirikawiri apa m'pamene munthu amamasuka.

Katswiri wa zamaganizo wa ku America, William Miller, analemba mu 1983 za njira yolankhulira ndi anthu ovutika ndi mowa, imene pambuyo pake anaikulitsa pamodzi ndi Stephen Rollnick. Mfundo yake ndi yakuti munthu ukamukankha amaikira kumbuyo khalidwe lakelo, koma akatchula yekha chifukwa chosinthira, amasintha. Ife timakonda kulalikira. "Achimwene, mukapanda kumwa mankhwala mufa" ndi mawu oona, koma achimwenewo akuwadziwa kale. Yesani motere: "Ambiri zimawavuta kumwa tsiku ndi tsiku. Inu sabata yathayi mwadumphitsa kangati?" Akatchula, musadzudzule. Funsani chimene chinalepheretsa. Mudzamva zinthu zimene dokotala sanamve: kuti amagona chipinda chimodzi ndi anyamata anayi ndipo botolo limalira akamatsegula, kuti shifiti yausiku inasokoneza nthawi, kuti abwana amadula malipiro tsiku la kukiliniki. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yake, ndipo ndi bwino njirayo ayambe kuitchula iyeyo. Pa vuto la kujomba, afunse namwino za CCMDD, ndondomeko ya boma imene inayamba mu 2014, yolola odwala amene zikuwayendera bwino kukatenga mankhwala pamalo apafupi, kuphatikizapo mafamase ena a m'mashopu, osaima pamzere wa kukiliniki.

Pempherani naye ngati iye akufuna. Koma wina akamuuza kuti wachiritsidwa ataye mapilitsi, musakangane za chikhulupiriro. Mupempheni apitirize kumwa, akayezetsenso, akambirane ndi namwino.

Chinsinsi ndiye pamene ambiri amagwera. Ndime 14 ya National Health Act imamanga achipatala kuti asaulule za wodwala, ndipo inu amene munalowa nawo m'chipindamo dzimangeni chimodzimodzi. Nkhani ikaponyedwa pagulu la WhatsApp la akumudzi kapena la bungwe la maliro m'mawa ku Bedfordview, dzuwa lisanalowe yafika ku Mzimba. Ngakhale ndi yopempha mapemphero kapena chopereka, funsani kaye mwini wake kuti tinene ziti, kwa ndani. Mkazi kapena mwamuna wake musakamuuze ndinu. Mulimbikitseni akanene yekha, ndipo aphungu a kukiliniki amathandiza anthu okwatirana kuuzana pamaso pawo.

Yang'aniraninso kuganiza kwambiri: kusagona, kusadya, kudzitsekera, mowa wa tsiku ndi tsiku. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi anthu olemedwa maganizo. Njira yawo inunso mungaiyese: munthu atchule mavuto ake onse, asankhe limodzi loti n'kuyambirapo, aganize njira zingapo, asankhe imodzi, mugwirizane tsiku lodzaonanso mmene zayendera. Akanena mawu ngati "bola kungofa", musawazembe. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zida pafupi, mupite naye kuchipatala kapena muimbe ku bungwe la SADAG pa 0800 567 567. Pangozi iliyonse, 112 imaimbika pafoni ya m'manja. Akakuululirani kuti wagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo malo otchedwa Thuthuzela amathandiza anthu otere.

Disembala akamayandikira, amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku auze namwino za ulendo wa kumudzi padakali masabata angapo, apemphe mankhwala okwanira ulendo wonse, afunsenso za mapilitsi oteteza malungo. Wobwerera kwathu osadzabweranso apemphe kalata yomusamutsira kuchipatala cha kwawo, yolembapo mankhwala amene akumwa ndi zotsatira za magazi zomaliza. Ena amachita mantha kuti mankhwala a kuno ndi a kwathu ndi osiyana. Ma ARV amene kuno amati TLD ndi omwe aja kwathu amalemba 13A m'buku la kuchipatala. Botolo ndi mtundu wa piritsi zingasiyane malinga ndi kampani, choncho atenge botolo lakalelo akaonetse anamwino a kumeneko.